Chimbale cha Four Tops cha 1970 ndi chiyambi cha zimbale zomvetsera zathunthu

Singano_33
Moni nonse a pa gulu lino. Ndili ndi dandaulo limene ndalisunga kwa nthawi yaitali, ndipo ndikufuna kumva maganizo anu. Anthu akamakamba za mmene nyimbo za soul zinachokera pa timbale tating'ono ta nyimbo imodzi mbali iliyonse n'kufika pa zimbale zazikulu zimene munthu amakhala pansi n'kumvetsera kuyambira koyamba mpaka kumapeto, nthawi zonse amayambira pa What's Going On ya Marvin Gaye ya mu Meyi 1971, ngati kuti chimbalecho chinangogwa kuchokera kumwamba. Komatu miyezi 14 m'mbuyo mwake, mu Malichi 1970, kampani yomweyo ya Motown inali itatulutsa Still Waters Run Deep ya gulu la Four Tops, imene anaijambula ndi Frank Wilson. Chimbalechi chimatsegula ndi Still Water (Love) n'kutseka ndi Still Water (Peace), moti nyimbo zisanu ndi zitatu zapakati zimakhala ngati zamangidwira m'mpanda umodzi, ndipo mzimu wake ndi wodekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. N'chifukwa chiyani chimbale chimenechi sichitchulidwa? Kodi n'chifukwa chakuti anaimba ndi amuna anayi ovala masuti ofanana, osati munthu mmodzi amene tingamutche katswiri?

Kamtedza
Sichitchulidwa chifukwa pafupifupi theka la nyimbo zake ndi za anthu ena. Kuika nyimbo imodzi koyamba ndi inzake kumapeto sikusandutsa chimbale kukhala nkhani imodzi.

Mphunzitsi_Wopuma
A Kamtedza, mwafulumira kuweruza, ngakhale kuti pa mfundo ya nyimbo zobwereka simunaname. Reflections inali ya The Supremes, Everybody's Talkin' anailemba ndi Fred Neil, Elusive Butterfly ndi ya Bob Lind, ndipo It's All in the Game inatchuka ndi Tommy Edwards mu 1958. Koma tisanatsutse, tiyenera kukumbukira mmene zimbale zinkapangidwira ku Motown nthawi imeneyo. Berry Gordy anamanga kampani yake ku Detroit pa timbale tating'ono tozungulira ka 45 pa mphindi, timene achinyamata ankatha kugula ndi ndalama zochepa komanso timene nyumba za wailesi zinkaulutsa. Lachisanu lililonse kunkakhala msonkhano woyesa nyimbo, ndipo funso linali lakuti kodi nyimboyi igulidwa kapena ayi. Chimbale chachikulu chinkabwera pambuyo, monga dengu loikamo nyimbo ziwiri kapena zitatu zimene zagulidwa kale, malo otsalawo n'kudzazamo chilichonse chimene chinalipo. Chitsanzo chabwino ndi cha Four Tops omwewo. Chimbale chawo cha Reach Out cha 1967 chili ndi nyimbo zamphamvu kwambiri monga Reach Out I'll Be There, Standing in the Shadows of Love ndi Bernadette, koma m'menemo mulinso nyimbo ziwiri za gulu la The Monkees zimene sizigwirizana m'pang'ono pomwe ndi zinzakezo. Mukamvetsera Reach Out kenako n'kumvetsera Still Waters Run Deep, mumaona kuti kubwereka kulipo konsekonse, koma cholinga chobwerekera n'chosiyana. Mu 1967 ankabwereka nyimbo chifukwa inali pakamwa pa anthu. Mu 1970 Frank Wilson anasankha nyimbo zimene zikanatha kuimbidwa mwa mtima umodzi wosinkhasinkha, n'kuzifewetsa zonse kuti zifanane kayendedwe. Kwa ine kusiyana kumeneku n'kokwanira kuti tichipatse ulemu.

Kamtedza
Bambo Mphunzitsi, ndamva, koma Motown inali ndi zimbale za mutu umodzi kale kwambiri. The Supremes anatulutsa We Remember Sam Cooke mu 1965, ndipo The Temptations Sing Smokey ndi ya chaka chomwecho. Ngati muyezo wathu ndi kufanana kwa nyimbo, ndiye kuti zimenezi zinayamba.

Mphunzitsi_Wopuma
Zimenezo zili ndi mutu umodzi pa chikuto, chifukwa zinasonkhanitsidwa pa dzina la wolemba mmodzi. Mutha kusintha ndondomeko ya nyimbo zake mmene mungafunire ndipo palibe chimene chingawonongeke. Yesani kuchotsa Still Water (Peace) kumapeto n'kuiika pakati, muone ngati chimbalecho chingakusiyeni mmene chimakusiyirani.

Besi_wa_Kwaya
Ndiloleni ndilowe monga munthu amene waimba besi m'kwaya ya mpingo kwa zaka zoposa 20, chifukwa ndikuona kuti tikukamba za olemba ndi ojambula koma taiwala mawu a oimbawo. Levi Stubbs, woimba wotsogolera wa Four Tops, anali ndi mawu apakati, a baritoni, koma Brian Holland, Lamont Dozier ndi Eddie Holland ankamulembera dala nyimbo zokwera kupyola pamene mawu ake ankakhala bwino, kuti azimveka ngati munthu amene akuchonderera ndi mphamvu zake zonse. N'chifukwa chake mu Bernadette mumamva ngati mtsempha wa pakhosi ukufuna kuduka. Njira imeneyi ndi yabwino kwambiri pa nyimbo ya mphindi zitatu, koma khutu la munthu silingapirire kukuwiridwa kwa theka la ola. Komanso pa nyimbo zimenezo anzake atatu, Abdul "Duke" Fakir, Lawrence Payton ndi Renaldo "Obie" Benson, ankakhala kumbuyo kwenikweni, nthawi zambiri atawonjezeredwa mawu a amayi a gulu la The Andantes pamwamba pawo.

Olemba atatu aja atachoka ku Motown chifukwa cha mkangano wa ndalama n'kukayambitsa makampani awo a Invictus ndi Hot Wax, Four Tops anakhala kanthawi akusinthidwa kuchoka kwa wojambula uyu kupita kwa uyo. Chimene Frank Wilson anachita ndi kutsitsa Levi kuti aimbe pamalo pamene mawu ake amapuma, kenako n'kukweza atatu enawo kuti amveke. Anthu ambiri sadziwa kuti amuna amenewa asanafike ku Motown mu 1963 anali ataimba limodzi pafupifupi zaka 10, poyamba pa dzina la Four Aims, ndipo ankaimba nyimbo za jazz m'malo achisangalalo momwe kulukana kwa mawu anayi ndiko kunali chuma chawo. Choncho chimene chimamanga Still Waters Run Deep pamodzi, m'makutu mwanga, ndi kulukana kumeneko. Nyimbo isinthe, wolemba asinthe, koma mpweya wa anthu anayi opuma nthawi imodzi ndi womwewo. Aliyense amene anaimapo pamzere wa kwaya amadziwa kuti chimenechi sichibwera m'chaka chimodzi.

NaPhiri_Leeds
Achimwene a Besi, mwandifotokozera chinthu chimene ndinkachimva koma sindinkadziwa dzina lake. Ine chimbalechi ndinachigula kuno ku England m'sitolo ya katundu wakale, chili ndi chizindikiro chakuda cha Tamla Motown, dzina limene nyimbo za kampaniyi zinkatulukira kuno. Gulu limeneli linkakondedwa kwambiri ku Britain, ndipo It's All in the Game inachita bwino kuno kuposa kwawo ku America. Ndimagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba, ndipo ndikabwerera m'mawa mutu uli wolemera ndimaika mbali yoyamba, n'kudzuka kukatembenuza, n'kumaliza mbali yachiwiri ndisanagone. Sindinayambe ndadumphapo nyimbo ngakhale imodzi. Zimbale zina za Motown zimene ndili nazo ndimanyamula singano n'kuiika pa nyimbo imene ndikuifuna, koma ichi dzanja langa silifuna kutero.

Mwana_wa_2001
Pepani akuluakulu, ine ndine wamng'ono pa nkhaniyi. Ndimamvetsera nyimbo pa foni, ndipo nthawi zambiri foniyo ndi imene imasankha yotsatira. Kodi kutembenuza chimbale kumene mukunenaku kuli ndi kanthu pa mmene nyimbo zinkasanjidwira, kapena ndi kungolakalaka masiku akale chabe?

Singano_33
Funso lako ndi labwino, mng'ono wanga, ndipo yankho ndi lakuti kuli ndi kanthu kwambiri. Chimbale chachikulu chozungulira ka 33 pa mphindi chinayambitsidwa ndi kampani ya Columbia mu 1948, ndipo kambale ka 45 kanabwera ndi RCA Victor mu 1949. Chachikulucho chimanyamula mphindi pafupifupi 20 mbali iliyonse, choncho wosanja nyimbo ankadziwa kuti ali ndi zoyambira ziwiri ndi zomalizira ziwiri. Nyimbo yomaliza mbali yoyamba iyenera kumusiya womvera ali ndi njala yoti adzuke akatembenuze, ndipo yoyamba mbali yachiwiri iyenera kumukhazikanso pansi. Palinso nkhani ya chipangizo chenichenicho, chifukwa singano ikamayandikira pakati pa chimbale mizere imazungulira mtunda waufupi ndipo mawu amphamvu amayamba kusokonekera, n'chifukwa chake akatswiri ankakonda kuika nyimbo zofatsa kumapeto kwa mbali. Oimba a jazz ndi anthu monga Frank Sinatra, amene In the Wee Small Hours yake ndi ya 1955, anazindikira msanga kuti malo amenewa angathe kunyamula mzimu umodzi. Ku nyimbo za soul zinachedwa chifukwa makampani ankakhulupirira kuti ogula awo ndi a timbale tating'ono basi.

Chitsulo_Bulawayo
Inu nonse mukuyang'ana ku Detroit kokha, pamene khomo linatsegulidwa ku Memphis. Mu 1968 kampani ya Stax inalekana ndi Atlantic n'kupeza kuti nyimbo zake zakale zonse zatsala m'manja mwa Atlantic, ndipo woimba wake wotchuka Otis Redding anali atamwalira pa ngozi ya ndege mu Disembala 1967. Al Bell, mkulu wa Stax, anaganiza zotulutsa zimbale zambiri nthawi imodzi mu 1969 kuti kampani ikhalenso ndi katundu, ndipo m'chipwirikiti chimenecho Isaac Hayes anapatsidwa ufulu wochita zimene akufuna. Anatulutsa Hot Buttered Soul, chimbale cha nyimbo zinayi zokha, imodzi mwa izo yopitirira mphindi 18. Chinagulidwa kwambiri, ndipo ndi chimene chinatsimikizira eni makampani kuti anthu akuda a ku America amagula zimbale zazikulu. Popanda ndalama zimene Hayes anabweretsa, sindikhulupirira kuti Berry Gordy akanalola aliyense kuyesa zimenezi.

Mphunzitsi_Wopuma
A Chitsulo, pa Isaac Hayes sindingakutsutseni, ndipo tingawonjezerepo kuti nyumba za wailesi za FM zinali zitayamba kuulutsa nyimbo zazitali, komanso oimba achizungu monga The Beach Boys mu 1966 ndi The Beatles mu 1967 anali ataonetsa kale kuti chimbale chingakhale ntchito imodzi. Ngakhale m'nyumba ya Motown momwemo, wojambula Norman Whitfield anali ataika nyimbo yopitirira mphindi zisanu ndi zinayi pa Cloud Nine ya The Temptations kumayambiriro kwa 1969. Koma onani kuti pa Cloud Nine mbali yoyamba ndiyo ili ndi kaimbidwe katsopano, pamene yachiwiri ikubwerera ku nyimbo zachikondi za masiku onse, ngati kuti kampani inkaopa kuponda ndi miyendo yonse iwiri. Kutalika kwa nyimbo ndi chinthu china, kugwirizana kwa chimbale ndi chinanso. Funso la a Singano linali la chachiwirichi, ndipo pamenepo Four Tops anachita ndi nyimbo zazifupi zimene ena ankafuna kuchita ndi zazitali.

Chitsulo_Bulawayo
Ndavomera kusiyanitsa kwanuko. Komabe ndikuumirira kuti woyamba kutsegula msika ndi Hayes.

Gogo_Galamafoni
Ana anga, nkhani yanuyi yandikumbutsa malume anga amene anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ali ndi galamafoni ya mabatire ndi mbale zodzaza katoni. Zambiri zinali zazing'ono, ndipo pa Khirisimasi ankaziika imodziimodzi anthu akuvina pabwalo, mwana mmodzi atapatsidwa ntchito yopukuta fumbi ndi kansalu. Zazikulu zinalipo zitatu zokha, ndipo zimenezo sankaziika pa gule. Ankaziika madzulo anthu atabalalika, iwo atakhala pakhonde okha. Ndili mwana ndinkaganiza kuti akuumira, koma tsopano ndikuona kuti ankadziwa kuti mbale yaikulu imafuna munthu wokhala pansi. Sindikunena kuti inali ya Four Tops, ndikungonena kuti ngakhale kumudzi kusiyana kwa mitundu iwiriyi kunkadziwika.

Kamtedza
Agogo anena zoona, koma tibwerere ku funso. Ine vuto langa lenileni ndi ili: What's Going On ili ndi nkhani. Marvin Gaye anaimba ngati msilikali wobwerera kuchokera ku Vietnam, monga mmene mng'ono wake Frankie anabwerera, n'kumaona ulova, mankhwala ozunguza bongo, kuwonongeka kwa chilengedwe ndi mavuto a m'mizinda. Nyimbo zake zimalowana popanda kuduka, ndipo kumapeto kwa Inner City Blues mumamvanso kachidutswa ka nyimbo yoyamba. Still Waters Run Deep ikunena chiyani? Chikondi ndi mtendere ndi mawu aakulu, koma kodi L.A. (My Town), yotamanda mzinda wa Los Angeles, ikuchita chiyani pamenepo? Kwa ine nyimbo imeneyo ndi umboni wakuti kampani inkaganizabe za malonda ake, makamaka poti inali kukonzekera kusamukira kumzinda womwewo.

Singano_33
A Kamtedza, pa L.A. (My Town) mwandigwira, chifukwa nanenso ndimaiona ngati mlendo pakati pa abale. Sindikunenanso kuti zimbale ziwirizi n'zofanana kulemera. Chimene ndikukana ndi kuzilekanitsa ngati kuti sizidziwana, pamene munthu amene anayamba kulemba nyimbo ya What's Going On ndi Obie Benson, woimba besi wa Four Tops. Mu Meyi 1969 gululi lili paulendo linafika ku Berkeley ku California, ndipo Benson anaona apolisi akumenya achinyamata amene ankachita zionetsero pa nkhani ya malo otchedwa People's Park. Zimene anaonazo zinamuvutitsa mtima, ndipo anayamba kulemba nyimboyo ndi Al Cleveland. Anzake a m'gulu anaikana ponena kuti ndi nyimbo ya zionetsero, ndipo pambuyo pake inafika kwa Marvin Gaye, amene anaikonzanso n'kuwonjezera zake. Ndiye taganizani: munthu yemweyo amene ankaimba za mtendere mu situdiyo ndi Frank Wilson anali atanyamula m'mutu mwake funso limene linadzabala chimbale cha Marvin. Oimba zida ambiri analinso a nyumba yomweyo ya Motown ya pa West Grand Boulevard ku Detroit. Ndingavomereze bwanji kuti chimodzi ndi chiyambi cha zonse ndipo chinacho ndi chongodzazira shelefu?

NaPhiri_Leeds
Nkhani ya kukana nyimboyo imandimvetsa chisoni nthawi zonse. Ndimadzifunsa kuti ikanamveka bwanji m'mawu a Levi Stubbs.

Besi_wa_Kwaya
Achemwali, ine ndikuganiza kuti kukanako kukutiuza chifukwa chake magulu sakumbukiridwa pa nkhani imeneyi. Woimba mmodzi akakhulupirira chinthu amamenyana ndi bwana wake yekha. Marvin Gaye anaumirira pamene Berry Gordy sanafune kuti nyimboyo ituluke, ndipo inatuluka mu Januwale 1971 n'kugulidwa kwambiri, bwanayo n'kupempha chimbale chonse. Stevie Wonder atakwanitsa zaka 21 chaka chomwecho anakambirananso mgwirizano wake n'kutenga ulamuliro pa nyimbo zake. Koma gulu la anthu anayi liyenera kugwirizana lokha lisanapite kwa bwana, ndipo aliyense ali ndi banja loti alidyetse. Four Tops anakhala anthu anayi omwewo kwa zaka zoposa 40, mpaka imfa ya Lawrence Payton mu 1997, ndipo Levi Stubbs sanalole kuti dzina lake liikidwe patsogolo pa la gulu monga zinachitikira kwa Diana Ross ndi Smokey Robinson. Umodzi umenewo uli ndi mtengo wake, chifukwa umafuna kuti munthu asiye zina zimene mtima wake ukufuna. Choncho chimbale chogwirizana cha gulu sichingamveke ngati kuulula kwa munthu mmodzi. Chimamveka ngati zimene anthu anayi agwirizana kuti angathe kuzinena limodzi, ndipo mu 1970, nkhondo ya ku Vietnam ili mkati komanso mzinda wawo wa Detroit usanapole mabala a zipolowe za 1967, chimene anagwirizana chinali kupempha bata.

Kamtedza
Mfundo imeneyo ndi yolemera, achimwene, ndipo sindinaiganizepo motero. Koma ikutsimikiziranso mbali ya zimene ndikunena, kuti mwini chimbalecho ndi Frank Wilson. Iye ndi Smokey Robinson ndi amene analemba Still Water, ndipo chaka chomwecho Wilson anachitanso zofanana ndi The Supremes Diana Ross atachoka, pa Up the Ladder to the Roof ndi Stoned Love. Ngati pali wofunika kukumbukiridwa, ndi iyeyo.

Mphunzitsi_Wopuma
Akumbukiridwe ndithu, chifukwa ambiri amangomudziwa ndi kambale kake kosowa ka Do I Love You (Indeed I Do) ka 1965 kamene osonkhanitsa mbale ku England amakalimbirana, osadziwa kuti ntchito yake yaikulu inali kumbuyo kwa galasi la situdiyo, asanasiye n'kukhala mbusa. Koma kunena kuti wojambula ndiye mwini sikuchotsa kanthu kwa oimba, pakuti zimbale zonse zazikulu za magulu zimene zinatsatira zinayenda njira yomweyo. Thom Bell anachita zimenezi ndi The Spinners mu 1973. Kenny Gamble ndi Leon Huff ku Philadelphia anachita ndi The O'Jays pa Ship Ahoy chaka chomwecho, chimbale chimene nyimbo yake ya mutu, yopitirira mphindi zisanu ndi zinayi, ikufotokoza ulendo wa akapolo pa nyanja ya Atlantic, mukumva mafunde ndi kulira kwa zikwapu. A Kamtedza, ngati mukufuna chimbale cha gulu chokhala ndi nkhani yolemera ngati ya Marvin, chimenecho ndicho chanu. Ndipo Curtis Mayfield, amene anali wolemba, wojambula ndi woimba m'gulu la The Impressions nthawi imodzi, anachoka m'gululo mu 1970 kuti akanene zonse zimene ankafuna, zimene zikugwirizana ndi zomwe a Besi afotokoza.

Mwana_wa_2001
Ndazimitsa kaja kosakaniza nyimbo ndipo ndamvetsera chimbale chonse monga mmene chinasanjidwira, ndi theka la ola lokha. Ndinaima pang'ono itatha nyimbo yachisanu monga mukanachitira potembenuza. Chimene chandidabwitsa n'chakuti Reflections ndinkaidziwa ya The Supremes, koma pano yamveka ngati munthu wamkulu akukumbukira zakale, osati ngati munthu amene wangosiyidwa kumene. Nyimbo yomaliza itayamba ndinazindikira kuti ndabwerera pamene ndinayambira, koma mofatsa kwambiri. Kodi Four Tops anapitiriza njira imeneyi?

Singano_33
Anapitiriza ndi Frank Wilson pa Changing Times chakumapeto kwa 1970 ndi pa Nature Planned It mu 1972. Chaka chimenecho Motown inasamukira ku Los Angeles, koma iwo anasankha kutsala ku Detroit n'kulowa ku kampani ya ABC/Dunhill, kumene anatulutsa Keeper of the Castle. Uyambe ndi Nature Planned It, ndipo uimvetsere monga wachitira leromu, osadumpha. A Kamtedza, inunso ndikukupemphani kuti mumvetserenso mbali yachiwiri ya Still Waters Run Deep kuyambira pa I Wish I Were Your Mirror, kenako mudzatiuze ngati L.A. (My Town) ikuwonongadi ulendowo kapena ikungoupatutsa pang'ono.

Kamtedza
Ndimvetsera usiku uno ana akagona, ndipo ndiyamba ndi mbali yoyamba kuti ndisachilakwire chimbalecho. Mawa ndibwera ndi yankho, komanso ndi funso langa lokhudza Cloud Nine, chifukwa pa mbali yachiwiri ija sindikugwirizana ndi bambo Mphunzitsi.